Woluza Atuluke: Mbiri ya Magemu ndi Makompyuta m'Malokeshoni a Blantyre

Dziko la Malawi linatha zaka pafupifupi 35 chilandirire ufulu lisanakhale ndi wailesi yakanema yakeyake. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, Kamuzu Banda atamwalira kale. Aliyense wofuna kumvetsa mmene magemu analowera ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri ayambire pamenepa. Kwa ana ambiri a m'malokeshoni amenewa, TV sinabwere ndi nkhani za madzulo. Inabwera ndi filimu ya karate ya pa tepi ya vidiyo, ndiponso ndi kamunthu ka chipewa chofiira kodumpha mapaipi obiriwira.

M'nthawi ya chipani chimodzi khutu la dziko lonse linali pa MBC, ndipo filimu iliyonse inkadzera kaye m'manja mwa bungwe loona zoyenera kuonetsedwa, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Makompyuta analipo, koma anali a boma, a mabanki ndi a makampani akuluakulu, otsekeredwa m'zipinda zomwe mesenjala sankaloledwa kukhudzamo kanthu. Bambo woomba nsalu ku David Whitehead akaweruka ankakwera mtunda wa ku Ndirande kukafikira m'nyumba younikira koloboyi.

Zaka zomwezo kunja kunkachitika chinthu chomwe ife chinatidutsa, ndipo ndimakhulupirira kuti mpaka lero chikutipwetekabe. Mu 1982 ku Britain kunatuluka ZX Spectrum, ku America kunatuluka Commodore 64. Anali makompyuta a m'nyumba olumikiza ku TV. Ukawayatsa sankakupatsa gemu kapena nyimbo. Ankangokuonetsa sikirini yopanda kanthu, n'kumadikira kuti ulembepo malamulo m'chiyankhulo cha BASIC. Magazini ankasindikiza mapulogalamu athunthu, mwana n'kumakopera mzere ndi mzere. Akaphonya chilembo chimodzi gemu inkakana, ndipo posakasaka pomwe waphonya ankadziwa mmene zinthu zimayendera mkatimo. Matthew Smith anali asanakwanitse zaka 20 pomwe analemba Manic Miner mu 1983. Akatswiri ambiri a mapulogalamu ku Ulaya anakulira m'zipinda zogona zoterozo. Makina odikira kulembedwa aja m'lokeshoni sanafikemo. Pomwe makina anadzafika, anafika otseka kale.

Sikuti ana a kuno analibe mitu yopanga zinthu. Mwana wa ku Zingwangwa ankatola mawaya n'kupinda galimoto ya chiwongolero chokhotetsadi matayala, matayalawo odula ku patapata wakutha. Mpira unali wachikulunga. Ena ankaboola katoni, kumatapo pepala loyera, kuyatsa kandulo kumbuyo n'kumaonetsa anzawo kanema wa tizidole todula pa makatoni. Pansi pa mtengo kumsika akuluakulu ankasewera bawo, pomwe munthu amawerengera mumtima njere za m'maenje ambirimbiri asanagwire ngakhale imodzi, kuona komwe dzanja likagone ndi chomwe mnzake adzachite likagona. Wodziwa bawo ali nazo kale nzeru zambiri zomwe wolemba pulogalamu amafuna. Za Ndirande ndiye n'zodziwika dziko lonse: amisiri a kumeneko amasula mbaula, ndowa, mafelemu a mawindo, ngakhale zitsulo za galimoto zomwe m'sitolo zasowa.

Zinthu zinatembenuka ndi riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha mu May 1994. Boma la Bakili Muluzi linamasula malonda, mavenda anadzaza misewu ya mu Limbe ndi mu Blantyre, ndipo amayi ndi anyamata a geni anayamba kukwera mabasi a ku Joni ndi ku Dar es Salaam, ena ndege za ku Dubai. M'zikwama zawo, pakati pa nsapato, mabulangete ndi mawailesi, munkabwera kabokosi ka pulasitiki komwe aliyense ankangokatchula kuti TV game.

Kabokosiko kanali katayenda ulendo wautali. Nintendo ya ku Japan inatulutsa Famicom mu 1983. Mafakitale a ku Taiwan ndi ku China anakopera makinawo n'kumawagulitsa motchipa m'maiko omwe Nintendo sinkawalabadira. Ku Russia ankatchedwa Dendy, ku South Africa ena ankadziwika kuti Golden China. Choncho mwana wa ku Bangwe wa cha m'ma 1997 ankasewera magemu omwe kwawo anali atakalamba kale: Super Mario Bros. ya mu 1985, Contra, Duck Hunt ya mfuti yolozetsa pa sikirini, ndi gemu ya akasinja yomwe anthu awiri ankathandizana kuteteza chiwombankhanga chozingidwa ndi njerwa. Kwa iye zonsezi zinali zatsopano. Pa katiriji yachikasu ankalemba kuti muli magemu 9999, koma ukatsika nawo mndandandawo unkapeza kuti ndi ochepa omwewo, angosinthidwa dzina, mtundu kapena poyambira. Ikakana kuyaka ankaizula, kuiuzira, kuibwezeramo. Adaputa inkatentha mpaka kununkha, ndipo nyumba zopanda magetsi zinkadalira batire ya galimoto yokatchajitsa kumsika. Wopanda TV anali ndi Brick Game ya m'manja, yomwe gemu yake yaikulu inali Tetris, imene Alexey Pajitnov analemba ku Moscow m'zaka za m'ma 1980.

Kuchepa mphamvu kwa makina amenewa n'kofunika kukulingalira bwino. Malo omwe Famicom inkagwiriramo ntchito anali makilobaiti 2 okha. Super Mario Bros. yonse, ndi maiko ake asanu ndi atatu, nyimbo zake ndi adani ake onse, inakwana m'makilobaiti 40, kuchepera zithunzi zambiri zomwe timatumizirana pa WhatsApp. Olemba ake anachita kufinya zedi: tchire ndi mitambo ya mu gemuyo ndi chojambula chimodzi, anangosintha mtundu. Ndi luso la munthu woperewera zipangizo, ndipo mmisiri wa ku Ndirande angalizindikire msanga. Ena mwa makina okopera aja ankabwera ndi kiyibodi, pa katoni atalemba kuti ndi kompyuta yophunzirira, ndipo m'katiriji yake munkakhala BASIC. Mpata unali pomwepo. Koma kabuku kake kanali ka Chitchaina kapena ka Chingerezi chopotoka, panalibe mphunzitsi kapena achimwene oti n'kulozera, ndipo ambiri mwa makinawo analibe posungira zomwe walemba. Ukazimitsa, zonse zapita. Ana ankailumpha BASIC kuthamangira Mario.

Nyumba za TV zinali zowerengeka, ndiye gemu inasanduka bizinesi. Pafupi ndi vidiyo sho, kuseri kwa babashopu, m'kachipinda ka malata kotchinga ndi nsalu pakhomo, munthu ankaika TV imodzi kapena ziwiri ndi benchi. Kwa Chinseu, kwa Mvula, ku Nthukwa, ku Luwanda, paliponse pomwe waya wa ESCOM wafika ndipo ana ndi ambiri. PlayStation, yomwe Sony inatulutsa mu 1994, itafika kuno yakaunjika, kenako PlayStation 2 ya mu 2000, malo amenewa anapeza chomwe chawasunga mpaka lero: mpira. Winning Eleven, Pro Evolution Soccer, FIFA, pambali pake nkhonya za Mortal Kombat ndi Tekken. Lamulo aliyense ankalidziwa: woluza atuluke. Wopambana ankakhalabe pa benchi, wobwera kudzamuyesa ndiye ankalipira. Mnyamata waluso ankatha kusewera masana onse ndi ndalama ya gemu imodzi, dzina lake n'kumveka mpaka lokeshoni ina. Kumbuyo kwa osewera awiri kunkaima gulu la oonerera, kulangiza, kunyogodola. “Aise, patsira kumanzereko!” “Padi iyi ndi yakufa, tisinthane.”

Makolo ndi aphunzitsi sankawakonda malowa, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka. Ana ankathawa m'kalasi, chenji cha kuchigayo chinkathera pa benchi, ndipo sukulu za pulayimale zomwe zinasefukira mu 1994 maphunziro atakhala aulere sizikanatha kulondola mwana aliyense. Chomwe anthu sankachinena n'chakuti m'zipindazo atsikana munalibe. Nthawi imeneyo mtsikana anali pa mzere wa madzi kukiyosiki kapena pamoto, ndipo akasuzumira m'chipinda cha magemu ankatchedwa maina. Poti kuzolowera makina kunkayambira pamenepo, kuchepa kwa atsikana komwe timakuona lero m'makalasi a zamakompyuta kunayambira pa mabenchi omwewo.

M'malo amenewa munabadwa amisiri a mtundu watsopano. Disiki yeniyeni ya PlayStation inali yosafikirika, choncho makina ankaikidwa tchipi kuti aziwerenga zokopera. Diso lowerengera disiki likafooka, wina ankatsegula n'kulisintha, kapena ankangowatembenuza makinawo chadodolido n'kuyambanso kugwira. Mapadi atatu akufa ankabala imodzi yamoyo. Pambuyo pake anyamata anadziwa kuika magemu a PlayStation 2 pa fulashi kuti disiki isamafunikenso. Panalinso china chooneka chaching'ono chomwe kwa ine n'chachikulu. Mu gemu ya mpira munali malo osinthira maina ndi mayunifolomu. Anyamata ankakhala maola ambiri akusandutsa timu ina ya ku Ulaya kuti ikhale Bullets yofiira, ina Wanderers yabuluu, kulemba maina a osewera chilembo ndi chilembo ndi padi, kuti Maule ndi Manoma akumane pa sikirini ku Machinjiri. Opanga gemu ku Japan sankadziwa kuti kuli Kamuzu Stadium. Anawo anadzilowetsamo okha, ndipo kwa ambiri aka kanali koyamba kuuza makina chochita m'malo molandira chomwe makina apereka.

Foni ya m'manja inadzera njira yakeyake. Telekom Networks Malawi (TNM) inayamba mu 1995, Celtel mu 1999, ndipo poyamba foni inali ya mabwana. Nokia 3310 ya mu 2000 ndi Nokia 1100 ya mu 2003 zitachuluka, Snake inakhala gemu yoyamba yomwe amayi a pamsika, makondakitala ndi alonda a usiku anasewerapo. Mu 3310 munalinso Composer, momwe munthu ankalemba manotsi kuti foni iziimba nyimbo ya kumtima kwake ikamaitana, ndipo achinyamata ankakoperana manotsiwo m'makope. Kenako kunabwera tifoni totchipa tomwe anthu anatitcha Mose wa Lero, foni n'kulowa m'nyumba zambiri za m'lokeshoni. Celtel inasanduka Zain mu 2008, Zain n'kukhala Airtel mu 2010. Mafoni a Java anabweretsa Opera Mini ndi timagemu toyenda kuchoka m'foni kupita m'foni pa Bluetooth. M'misika munatseguka mabenchi obenera, pomwe kompyuta yakale imodzi inkadzaza mamemori khadi a lokeshoni yonse ndi nyimbo, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi magemu. Mavenda atachotsedwa m'misewu mu 2006, okonza mafoni anakhazikika m'misika ya Blantyre ndi Limbe ndi tizitsulo tawo towotcherera, kumasula mafoni okiyidwa ochokera ku Joni ndi ku UK, kufulasha omwe azungulira mutu.

Lokeshoni inadziwa kutsegula makina aliwonse ndi manja. Kulemba zomwe zimayenda mkati mwa makinawo kunatsalira anthu ochepa, ndipo chifukwa chake sichinali ulesi. Intaneti inafika kwa anthu wamba mu 1997 kudzera ku MalawiNet, kenako Malawi SDNP, yomwe inali ndi maofesi ku Polytechnic motsogozedwa ndi Dr Paulos Nyirenda. Koma ya mu kafe inali yolipira pa mphindi, ndipo munthu sungaphunzire kulemba pulogalamu wotchi ikukudyera ndalama. Masukulu a kompyuta omwe anabuka m'tauni ndi m'malokeshoni ankaphunzitsa mapakeji: Word, Excel, PowerPoint, satifiketi yokafunsira ntchito ya ukalaliki. Kunali kuphunzitsa kukwera minibasi munthu yemwe akanatha kumasula injini yake. Wofuna Pascal, C kapena Visual Basic ankayenera kupeza malo ku Polytechnic, ku Chancellor College ku Zomba kapena ku NACIT, ndipo malowo anali ochepa. Ena anadziphunzitsa okha usiku pa kompyuta ya kuntchito kwa achimwene awo, masamba a maphunziro atawasungira pa fulashi.

Ochepa omwe anadutsawo anaonetsa zomwe zikanatheka. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake anayamba ntchito yomwe inadzakhala Baobab Health ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Anagula timakompyuta totchedwa i-Opener tomwe ku America tinali titakanika malonda, n'kutisintha kuti tikhale tongodina pa sikirini, toti kalaliki wa kuchipatala azilembera odwala. Mapulogalamu ake anadzakhala olembedwa ndi Amalawi, n'kufika mpaka ku Queen Elizabeth Central Hospital kuno ku Blantyre. Mmodzi wa iwo, Soyapi Mumba, anakafotokoza ntchitoyi pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2017. Edmond Kachale anadzipereka kuphunzitsa kompyuta kapangidwe ka mawu a Chichewa, Google Translate isanalandire chiyankhulochi mu December 2014. Rachel Sibande anayambitsa mHub ku Lilongwe mu 2013, komwe ana, makamaka atsikana, anayamba kuphunzitsidwa kulemba mapulogalamu. Ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, a Beehive anamanga John Paul II Leadership and IT Institute, sukulu ya zamakompyuta ya m'lokeshoni mwenimweni, yomwe mwana wa ku Nthukwa kapena ku Sigerege amafikako wapansi. Ndipo mapulogalamu omwe Amalawi ambiri amawadalira tsiku ndi tsiku alibe chithunzi ngakhale chimodzi: *211# ya Airtel Money, yomwe inayamba mu 2012, ndi *444# ya Mpamba ya mu 2013. Ndi manambala ndi timizere ta mawu basi, zoyenda pa foni ya mabatani, koma lendi, fizi ndi chipepeso cha maliro zimadzera momwemo.

Lero kompyuta yoyamba ya banja la ku Bangwe ili m'thumba. Ndi Tecno kapena itel ya kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, kapena Samsung wakaunjika. Foni yotchipa ya Android ya gigabaiti imodzi yogwirira ntchito imaposa Famicom ka 500,000. Magemu onse a m'katiriji yachikasu aja amakwana pakangodya ka memori khadi, ndipo abambo omwe anakulira pa benchi amawatsegulira ana awo. Achinyamata ali pa Dream League Soccer ndi eFootball, akupangabe mayunifolomu a matimu a kuno n'kumagawana pa WhatsApp. Koma gemu yomwe yalowerera m'lokeshoni zaka zino ndi kandege, Aviator ya m'makampani a juga, yomwe imauluka ndi ndalama ya ndiwo. Izi zimandiwawa. Pa benchi woluza ankataya ndalama ya gemu imodzi n'kupita kwawo atatolako luso. Pa kandege palibe luso loti munthu atole, ndipo masamu ake anakonzedwa kuti m'kupita kwa nthawi wodyerera akhale mwini wake.

Foni yomweyo ingathe kukhala makina odikira kulembedwa omwe tinawaphonya mu 1982. Mapulogalamu monga Termux ndi Pydroid amalola munthu kulemba Python pa foni popanda laputopu, ndipo alipo achinyamata omwe ayambira pomwepo, kudina ndi zala ziwiri pa galasi long'aluka. Zowatchinga n'zodziwika. Malawi alibe doko, intaneti yake imadzera m'maiko oyandikana nawo, ndipo mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa ma SMS ndi pa data; kudandaula kwa mtengo wa mabandulo kunafika pachimake mu 2020. Bandulo yotchipa kwambiri ndi ya WhatsApp ndi Facebook, yosatsegula masamba a maphunziro, ndiye mtengo wokha umamusankhira mwana chochita. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko lino linasowa kwa nthawi yoposa chaka. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, foni ndi laputopu zinakwera mtengo nthawi yomweyo, ndipo madola 25 olembetsera kuti uike pulogalamu yako pa Google Play ndi ovuta kuwapeza pomwe mabanki akusowa ndalama zakunja. TNM inayesa 5G ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu 2023, Starlink inafika chaka chomwecho, koma zoterezi zimayambira kwa omwe ali nazo kale.

Kwina mu Africa magemu akulembedwa. Wesley Kirinya wa ku Kenya anatulutsa Adventures of Nyangi mu 2007, kenako anagwirizana ndi Eyram Tawia wa ku Ghana kuyambitsa kampani yomwe lero imatchedwa Leti Arts. Ku Cameroon, Kiro'o Games inatulutsa Aurion mu 2016 ikulimbana ndi kuzimazima kwa magetsi kofanana ndi kwathu. Ife zoti n'kusandutsa magemu tili nazo zambiri: kondakitala wolimbirana anthu pa siteji ya ku Limbe, wakabaza wozemba maenje pa msewu wa ku Machinjiri, Kalulu ndi Fisi, Napolo, ngakhale bawo yemweyo.

Mu 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti otchajidwa ndi dzuwa ku sukulu za pulayimale za boma m'dziko lonse, okhala ndi maphunziro a kuwerenga ndi masamu m'Chichewa a bungwe la onebillion. Atsikana ndi anyamata akugwira makina mofanana, ali aang'ono, m'chiyankhulo chawo. N'chinthu chabwino kwambiri. Ndikanakonda kuti anawa akafika Sitandade 5 apezenso malo opanda kanthu olembapo zawo, monga Scratch yomwe MIT inatulutsa mu 2007, ndi mphunzitsi wodziwa kuwalozera.

Palinso nkhani yochokera kutali yomwe ikuyenera kutitsegula maso. Android inakondedwa m'lokeshoni chifukwa imalola kuika pulogalamu yochokera kulikonse. Mnzako amakuponyera pa Xender kapena SHAREit popanda bandulo, ndipo mnyamata yemwe walemba kagemu kake usiku angathe kukagawira anzake m'mawa mwake osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Mu August 2025 Google inalengeza kuti mafoni ovomerezeka a Android adzayamba kufuna kuti wolemba pulogalamu akhale wolembetsedwa ndi wotsimikiziridwa, ngakhale pulogalamuyo isadzere pa Google Play. Chifukwa chomwe inapereka ndi kuteteza anthu kwa akuba a pa foni, ndipo akubawo ife timawadziwa bwino. Inanenanso kuti ophunzira ndi olemba mapulogalamu pongokonda chabe adzakhala ndi njira yawoyawo yopepukirako. Malinga ndi chilengezocho, lamuloli linakonzedwa kuti liyambire ku Brazil, Indonesia, Singapore ndi Thailand mu September 2026, maiko ena n'kutsatira kuyambira 2027. Malawi ali m'gulu lotsatiralo. MACRA, MUBAS yomwe kale inali Polytechnic, ndi magulu a olemba mapulogalamu a kuno afunse msanga kuti njira yopepukayo idzafuna chiphaso chanji, khadi ya kubanki yanji, ndiponso ngati mwana wa zaka 15 wa ku Zingwangwa, yemwe sanafike polandira chitupa cha unzika, adzaloledwa kudzerapo.